Ndikonze bwanji maphunziro oti antchito azimvana ndi anzawo osamva?

Funso: Ndimayang'anira nkhani za ogwira ntchito pa kampani ya anthu pafupifupi 60. Tili ndi maofesi komanso nyumba yosungiramo katundu. Chaka chino talemba ntchito mnyamata wosamva chibadwire, amene amalankhula ndi manja. Tilinso ndi mayi wina wowerengera ndalama amene makutu anayamba kumuvuta atakula, ndipo amavala kachipangizo kothandiza kumva. Bwana wandipatsa theka la tsiku kuti ndikonze maphunziro a antchito onse. Ndaganiza zoti tiphunzire zilembo zamanja, anthu atseke m'makutu kwa mphindi zingapo kuti alawe mmene zimakhalira, kenako ndiwawerengere zoyenera ndi zosayenera kuchita. Kodi ndalondola? Ndine mayi wofuna kuchita zinthu bwino.

Yankho: Mayi, pa zinthu zitatu mwakonzazo, chimodzi ndikupemphani muchisiye, china muchichepetse, ndipo chachitatucho muchisinthe. Koma tisanafike kumeneko, pali ntchito imene simunaitchule m'kalata yanu, ndipo ndi imene iyenera kuyamba: kukhala pansi ndi anthu awiriwo. Aliyense mucheze naye payekha. Pocheza ndi mnyamatayo pakhale womasulira chinenero chamanja, musadalire kulemberana papepala. Afunseni mafunso osavuta. Sabata yathayi, ndi uthenga uti umene unakupezani mochedwa? Ndi msonkhano uti umene mumatulukamo osadziwa chimene anthu agwirizana? Ndani pano amene mumamvana naye mosavuta, ndipo iyeyo amachita chiyani chimene ena sachita? Zimene ayankhe n'zimene mukaphunzitse. Zanga zili m'munsizi n'zongokuthandizani kuzisanja.

Muwafunsenso ngati akufuna kuti nkhani yawo itchulidwe pagulu. Mnyamatayo aliyense akudziwa kale kuti samva. Mayiyo n'kutheka kuti wakhala zaka akubisa, akumangomwetulira pamene sanamve, ndipo sangakondwe kuti tsiku lina aimiritsidwe pamaso pa anthu 60 monga chitsanzo. Akakana, maphunziro achitike ndithu, koma dzina lake lisatuluke.

Anthu awiriwa musawaike mumtolo umodzi. Ili ndi vuto limene ndimaliona kwambiri m'maphunziro okonzedwa ndi anthu akumva. Kwa mnyamatayo, chinenero chamanja ndicho chinenero chake choyamba, ndipo anthu ambiri onga iye sadziona ngati odwala. Amadziona ngati gulu la anthu a chinenero chimodzi ndi chikhalidwe chawo, n'chifukwa chake m'Chingelezi amalemba Deaf ndi D wamkulu. Maganizo amenewa ali ndi mbiri yake. Mu 1880, aphunzitsi a ana osamva anakumana ku Milan m'dziko la Italy n'kugamula kuti ana aziphunzitsidwa kulankhula ndi pakamwa, manja asiyidwe, ndipo kwa zaka zambirimbiri chinenero chamanja chinathamangitsidwa m'makalasi a mayiko ambiri. Mu 1960 William Stokoe, amene ankaphunzitsa pa koleji ya anthu osamva ya Gallaudet mumzinda wa Washington, anaonetsa kuti chinenero chamanja cha ku America chili ndi malamulo ake ngati chinenero china chilichonse. Lero mayiko ena analemba chinenero chamanja cha kwawo m'malamulo awo: Uganda anachitchula m'malamulo aakulu a dziko mu 1995, New Zealand anachivomereza kukhala chinenero cha boma mu 2006, ndipo South Africa anachita chimodzimodzi mu 2023. Mbiri imeneyi muipatse mphindi zisanu, chifukwa wantchito akaimva amasiya kuona manja a mnzake ngati masewera.

Pamenepa pali msampha umene ungakugwireni pokonzekera. Chinenero chamanja si chimodzi padziko lonse, zilipo mazanamazana. Cha ku America ndi cha ku Britain n'zosiyana ngakhale kuti mayiko onsewo amalankhula Chingelezi. Ku America zilembo amazipanga ndi dzanja limodzi, ku Britain ndi manja awiri. Ndiye mukangotenga mavidiyo a pa YouTube n'kuyamba kuphunzitsa, mukhoza kuphunzitsa anthu 60 chinenero chimene mnyamata wanuyo sachigwiritsa ntchito n'komwe.

Mayi wowerengera ndalamayo nkhani yake ndi ina. Iye anakula akulankhula, mwina sadziwa chizindikiro ngakhale chimodzi, ndipo womasulira sangamuthandize. Kachipangizo kamene amavalako sikabwezeretsa makutu mmene analili. Kamakweza mawu, inde, koma kamakwezanso phokoso la fani, la mipando ikamakokedwa, la anthu atatu akamalankhulira pamodzi. Muofesi yabata, munthu mmodzi akulankhula naye maso ndi maso, amamva bwino. Mumsonkhano wa anthu 12 amatayika. Anzake akaona zimenezi amayamba kunong'onezana kuti amamva pamene wafuna, ndipo miseche imeneyo imapha ubale wa pantchito mwakachetechete. Maphunziro anu aithetse poifotokoza poyera. Muzikumbukiranso kuti bungwe la World Health Organization limati anthu oposa 5 pa 100 alionse padziko, pafupifupi 430 miliyoni, ali ndi vuto la kumva lofunika chithandizo. Pa anthu 60, makamaka pamene ena amagwira ntchito pakati pa makina, musadabwe mutapeza wachitatu amene sanauzepo munthu. Phokoso la madesibelo 85 (muyezo wa kukula kwa phokoso) kupita m'tsogolo, munthu akamakhalamo maola 8 tsiku lililonse, limawononga makutu pang'onopang'ono.

Mawu oitanira anthu amenewa nawonso muwakambe. M'chinenero chathu mawu akuti wosamva amatanthauzanso mwana wamwano, wokanika, ndipo anthu ena amaseweretsa matanthauzo awiriwa mwa nthabwala. Nthabwala imeneyo ithe. Mawu ngati gonthi asamveke pakampani. Komanso si aliyense wosamva amene salankhula. Ena amatulutsa mawu bwinobwino, ena amasankha kusatero. Chosavuta n'kuwafunsa eni akewo mawu amene amakonda, ndipo tsiku ndi tsiku munthu aziitanidwa ndi dzina lake.

Tsopano cholinga cha maphunziro. Ine ndimachiyeza ndi funso limodzi lokha: kodi uthenga ukumufika munthu wosamva pa nthawi imodzi ndi anzake, ndiponso wathunthu? Pa kampani ina imene ndinaitanidwa, mnyamata wosamva anali atalembedwa kalata yochenjeza chifukwa chofika mochedwa. Nditafufuza, ndinapeza kuti kapitawo analengeza ndi pakamwa pa msonkhano wa m'mawa kuti mawa lake onse ayambe ola limodzi mofulumira. Mnyamatayo analipo pa msonkhanowo, ataima kumbuyo. Palibe amene anamuda, palibe amene anamubisira dala. Anthu ankamukonda, ena ankadziwa ngakhale kumupatsa moni ndi manja. Koma uthenga unadutsa m'mphepo, iye osaugwira, ndipo chilango chinagwera iye. Chilichonse chimene mukufuna kuika m'theka la tsikulo muchifunse kuti: kodi chimenechi chikanaletsa kalata ija? Ngati ayi, chidikire.

Zotseka m'makutu muzisiye. Ndikudziwa kuti cholinga chanu n'chabwino, ndipo ambiri amachita. Koma taganizirani chimene munthu wakumva amaphunzira pa mphindi khumi zimenezo. Amasokonezeka, amachita mantha, ena amaseka, kenako amachotsa n'kupuma mokoka, amvekere: "Koma ndiye n'zovuta, ine sindingathe." Akatuluka m'chipindamo amakhala ndi chisoni, ndipo bwana wachisoni sapatsa munthu udindo, amamuteteza ku ntchito zazikulu. Zimene walawazo si moyo wa mnyamata wanuyo. Iye ali ndi chinenero, ali ndi maso ozolowera kugwira zinthu zimene inu ndi ine timaphonya, ndipo wakhala akupeza njira kuyambira ali mwana. Mphindi khumi za thonje m'khutu sizionetsa luso limenelo.

M'malo mwake, tembenuzani zinthu. Mphunzitsi wosamva atsegule maphunzirowo m'chinenero chamanja, womasulira ali phee, kwa mphindi zitatu kapena zinayi. Adzifotokoze, apereke malangizo angapo, aseke ndi womasulirayo pa nkhani imene ena onse sakuimva. Kenako womasulira ayambe ntchito, ndipo mphunzitsiyo afunse kuti: munamva bwanji pamene ife timaseka? Pamenepo anthu amazindikira kuti makutu awo ali bwinobwino koma anatsala kunja kwa nkhani, ndipo amene anawasiya kunjako ndi olankhulawo.

Mwaona kuti ndatchula mphunzitsi wosamva. Mufunefune kudzera ku bungwe la anthu osamva la m'dziko lanu. Mabungwe otere alipo m'mayiko ambiri, ndipo ambiri mwa iwo ali pansi pa bungwe la anthu osamva la padziko lonse la World Federation of the Deaf, limene linakhazikitsidwa ku Rome mu 1951. Mphunzitsiyo alipidwe ngati katswiri wina aliyense amene kampani imaitana. Musasenzetse mnyamata wanuyo katundu ameneyu. Ndi watsopano, munamulembera ntchito ina, ndipo sangathe kudzudzula akuluakulu ake momasuka monga mmene mlendo angachitire. Akafuna kuthandizapo, athandize pa gawo limene wasankha yekha.

Gawo limene ndimalipatsa nthawi yambiri ndi la kuwerenga milomo, chifukwa apa ndi pamene anthu akumva amadzinamiza kwambiri. Amaganiza kuti munthu wosamva akangokuyang'ana pakamwa ndiye kuti zonse zalowa. Akhazikeni awiriawiri, wina anene mawu popanda kutulutsa liwu, mnzake alembe chimene waona. Apatseni mawu ngati kula ndi gula, tula ndi dula, pera, bera ndi mera. Pamilomo mawu amenewa amaoneka chimodzimodzi, chifukwa chimene chimawasiyanitsa chimachitika kukhosi, m'mphuno kapena kuseri kwa mano kumene diso silifika. Taganizirani kapitawo akunena kuti "tula" pamene wantchito waona "dula", chingwe cha katundu chili m'manja. Kukwera ndi kutsika kwa liwu, kumene kumasiyanitsa mtengo womera ndi mtengo wogulira chinthu, sikuoneka n'komwe pankhope. Manambala ndiye amavuta koposa: fifitini ndi fifite pakamwa n'zofanana, ndipo kwa munthu wowerengera ndalama kusiyana kwake si kochepa. Akachita zimenezi kwa mphindi khumi, lamulo amalipeza okha: nambala, tsiku, ola, dzina la munthu ndi dzina la malo zizilembedwa nthawi zonse. Amazindikiranso kutopa kwake. Munthu amene wakhala akulumikiza zidutswa za mawu kuyambira m'mawa amafika madzulo mutu uli wolemera, choncho nkhani zikuluzikulu muzikamba naye kum'mawa.

Kuchokera pamenepo, zoyenera ndi zosayenera zija musaziwerenge papepala, anthu azichite. Mmodzi akhale pa desiki atatembenukira kukhoma, wina ayese kumuitana. Aphunzire kumugwira paphewa pang'ono, kugwedeza dzanja pamene diso lake lingaone, kugogoda tebulo kuti amve kunjenjemera, kapena kuzimitsa ndi kuyatsa getsi ngati chipinda n'chachikulu. Kuponya kanthu, kukoka malaya, kapena kumutulukira kumbuyo mwadzidzidzi, ayi. Aphunzire kuyamba kulankhula pokhapokha maso akumana, kuima pamene kuwala kukuwomba nkhope yawo osati windo lili kumbuyo kwawo, kuchotsa dzanja ndi cholembera pakamwa, ndi kutchula kaye mutu wa nkhani. Kukuwa sikuthandiza: kumapotoza milomo, kumapweteka munthu wovala kachipangizo, ndipo nkhope ya munthu wokuwa imaoneka yolusa. Ngati sanamve kawiri, sinthani mawu, musabwereze omwewo kachitatu. Anthu awiri akamacheza ndi manja m'njira, wodutsa angodutsa msanga, asaime n'kumawerama.

Pali zizolowezi ziwiri zimene ndikufuna muzitchule ndi mphamvu. Choyamba ndi funso lakuti "Mwamva?" Munthu amagwedeza mutu chifukwa watopa, kapena sakufuna kuchedwetsa anzake, ndipo wofunsayo amachoka ali wokhutira. Funso labwino ndi lakuti "Ndiye tagwirizana kuti muyambira pati?" ndipo lizifunsidwa kwa wantchito aliyense, wakumva ndi wosamva yemwe, kuti lisaoneke ngati mayeso a munthu mmodzi. Chachiwiri ndi mawu akuti "Basi, zilibe ntchito" kapena "Ndikuuzani nthawi ina." Anthu aseka, wosamva wafunsa kuti kwatani, wina n'kuyankha choncho. Anthu osamva ambiri amene ndagwira nawo ntchito amati mawu amenewa akhala akuwamva kuyambira ali ana, ngakhale pakhomo pa makolo awo, ndipo nthawi inayo sifika. Ngati nkhani inali yoti anthu asanu aseke, ndi yoti wachisanu ndi chimodzi auzidwe pompo.

Zilembo zamanja muzichepetse. N'zabwino, anthu amasangalala nazo, ndipo aliyense aphunzire kutchula dzina lake. Koma zilembo 26 zophunzira tsiku limodzi zimauluka sabata isanathe, ndipo palibe amene angatchule chilembo chimodzichimodzi katundu akugwa. Mnyamatayo pamodzi ndi mphunzitsi asankhe zizindikiro 15 kapena 20 za ntchito yanuyo: imani, dikirani, ngozi, moto, bwerezani, pang'onopang'ono, ndamaliza, nthawi yopuma, akukuitanani, zikomo, mwadzuka bwanji. Muzijambule, muzimate pakhoma pamene anthu amadutsa, ndipo pa msonkhano wa mlungu uliwonse muziwonjezera ziwiri. Anthu atatu kapena anayi amene amagwira naye ntchito tsiku lililonse, kuphatikizapo kapitawo wake, kampani iwalipirire kalasi yeniyeni ya miyezi ingapo. Koma munene momveka kuti zizindikiro 20 si chinenero. Ndaonapo mabwana akuleka kuitana womasulira chifukwa chakuti "tsopano timamvana."

Kulemberana nako kuli ndi malire ake. Chinenero chamanja chili ndi kasanjidwe kake ka mawu, ndipo nkhope, nsidze ndi malo amene dzanja laloza zimagwira ntchito ya galamala. Chinenero cholembedwa kwa mnyamatayo ndi chachiwiri, chimene anachiphunzira asanachimvepo ndi khutu. Ana osamva oposa 90 pa 100 alionse amabadwa kwa makolo akumva, ndipo ambiri amakumana ndi chinenero chamanja mochedwa, akayamba sukulu. Choncho uthenga wake wa pafoni ukabwera mawu atasanjidwa mwachilendo, anthu asayese kuti nzeru n'zochepa. Ena amalemba bwino kuposa mabwana awo, ena amavutika, mufunseni. Pomulembera, ziganizo zikhale zazifupi, nkhani imodzi pa uthenga umodzi, zining'a ndi mikuluwiko pambali. Koma mgwirizano wa ntchito, malamulo a chitetezo, nkhani ya malipiro, kapena mlandu, zimenezo zifotokozedwe kudzera mwa womasulira, pepala likhale longotsimikizira.

Za womasulira muzipatse mphindi 20 zapadera, popeza anthu ambiri sanagwirepo naye ntchito. Wolankhula aziyang'ana munthu wosamvayo n'kumalankhula naye mwachindunji, osati kutembenukira kwa womasulira n'kumati "muuzeni kuti." Womasulira amakhala pafupi ndi wolankhula, moyang'anizana ndi wosamvayo, kuti diso ligwire onse awiri. Amamasulira chilichonse chimene chamveka m'chipindamo, choncho palibe zoti "izi musamasulire." Amatsalira kumbuyo ndi masekondi angapo, ndiye wapampando akafunsa funso adikire pang'ono, apo ayi akumva amakhala atayankha kale wosamvayo asanalandire funsolo. Ntchitoyi ndi yolemetsa ubongo ndi manja, ndipo pa msonkhano wopitirira ola limodzi amafunika awiri osinthana mphindi 20 kapena 30 zilizonse. Pa theka la tsiku lanulo muitane awiri. Muwatumizire ndondomeko, mayina a anthu ndi mawu a ntchito yanu kudakali masiku.

Ndipo womasulirayo asankhidwe ndi mwini wake. Pa 10 December 2013, pa mwambo wokumbukira Nelson Mandela ku Johannesburg, munthu anaima ngati womasulira pambali pa atsogoleri a mayiko kwa maola angapo akugwedeza manja, ndipo zimene ankapangazo sizinali chinenero. Akumva mamiliyoni anaonera osazindikira kanthu. Amene anadandaula anali anthu osamva. Inu ndi ine, ngati sitidziwa chinenerocho, sitingasiyanitse womasulira waluso ndi wongoyerekeza, choncho mnyamatayo mumufunse amene amamumva bwino, ndipo pambuyo pa msonkhano uliwonse mumufunse payekha ngati zinayenda. Pa nkhani ya mlandu, malipiro kapena matenda, musagwiritse ntchito wachibale wake kapena wantchito mnzake amene amadziwako pang'ono. Palibe amene angadandaule za kapitawo momasuka pamene womasulira ndi mnzake wa kapitawoyo.

Misonkhano ndiyo imafuna malamulo olembedwa, ndipo maphunziro anuwo ayendetsedwe motsatira malamulo omwewo kuti anthu awaone akugwira ntchito. Mipando ikhale mozungulira kuti nkhope zonse zizioneka. Azilankhula mmodzimmodzi, wofuna kulankhula akweze dzanja, wapampando amuloze kuti diso la wosamva lidziwe kolowera. Pali chinthu chimodzi chimene akumva sachiganizira: inu mungathe kuyang'ana tchati khutu likumvetsera, koma wosamva ali ndi njira imodzi yokha, maso. Mukaonetsa chithunzi, khalani chete pang'ono awerenge, kenako lankhulani. Pa chifukwa chomwecho sangalembe manotsi uku akuyang'ana womasulira, ndiye pakhale wolemba amene atumize mfundo kwa onse tsiku lomwelo. Vidiyo iliyonse ya kampani ikhale ndi mawu olembedwa m'munsi. Pa misonkhano ya pa intaneti, Zoom, Microsoft Teams ndi Google Meet zili ndi njira yolemba zokha mawu a wolankhula, ndipo mayi uja zingamuthandize ngati msonkhano uli m'Chingelezi, koma zimalakwitsa mayina, zimasokonezeka anthu akamasakaniza zinenero, ndipo sizilowa m'malo mwa womasulira. Makamera ayatsidwe, aliyense atchule dzina lake asanalankhule. Desiki ya onse awiri iyang'ane kukhomo kuti aziona wolowa, ndipo ya mayiyo italikirane ndi pulinta ndi njira yodutsa anthu.

Za chitetezo musazisiye kumapeto pamene anthu atopa. Yendani ndi mnyamatayo m'nyumba yosungiramo katundu maphunziro asanachitike, muone chilichonse chimene chimachenjeza ndi phokoso lokha: alamu ya moto, hutala ya galimoto yonyamulira katundu, belu, munthu wokuwa kuti "Chokani!" Chilichonse chipezeredwe mnzake wooneka ndi maso. Alamu ikhale ndi getsi lothwanima, ndipo getsilo lifike kuchimbudzi ndi m'tizipinda momwe munthu amakhala yekha. M'makona muike magalasi. Kusankha munthu woti azikamutenga moto ukabuka n'kothandiza, koma sikokwanira, chifukwa munthuyo amadwala, amapita kutchuthi. Chitani zoyeserera kuthawa moto mwezi womwewo, muone ngati anatuluka limodzi ndi anzake. Wina akanena kuti malo amenewa ndi oopsa kwa munthu wosamva, mukumbutseni kuti makina akalira ndipo aliyense wavala zoteteza makutu, onse m'nyumbamo akudalira maso, ndipo amene anazolowera kutero ndi mnyamatayo.

Akapitawo ndi mamanijala muwapatule, ola limodzi tsiku lina. Pali mafunso amene sangafunse pamaso pa antchito awo: ndimudzudzula bwanji akalakwitsa, ndimuyeza bwanji ntchito, nanga mbali ya ntchito yofuna foni? Yankho ndi lakuti muyezo wa ntchito ndi womwewo wa aliyense, chosintha ndi njira yofikitsira uthenga. Kumulekerera akalakwitsa chifukwa choopa kuvutika kufotokoza n'kumulanda mwayi wokula. Za foni zambiri zimatheka ndi uthenga wolemba kapena imelo, zotsalazo asinthane ndi mnzake ntchito ina. Muwakumbutsenso kuti nkhani zambiri zokweza munthu pantchito sizimveka mumsonkhano. Zimamveka m'khonde ndi pa nthawi yopuma: kuti kukutsegulidwa malo, kuti bwana wamkulu sakonda lipoti lalitali, kuti kasitomala uja ndi wovuta. Akumva amazitola osadziwa kuti akuphunzira. Wosamva zimamudutsa pokhapokha wina atamuuza dala, ndipo wina ameneyo ayenera kukhala kapitawo wake. Malo a ntchito akatseguka, alembedwe pabolodi ndi pa gulu la WhatsApp la kampani tsiku lomwe anenedwa pakamwa.

Bwana wanu adzafunsa za ndalama, ndiye mupite mutakonzeka. Pangano la United Nations la ufulu wa anthu olumala, limene linavomerezedwa mu 2006 ndipo mayiko ambiri padziko analisainira, limakamba za ntchito mu gawo 27, ndipo limanena kuti kukana kusintha zinthu moyenera kuti munthu wolumala agwire ntchito ndi tsankho. Malamulo a dziko lililonse amafotokoza zimenezi mwa njira yake, muwerenge a kwanuko. Chimene mukapemphe si ndalama za tsiku limodzi, koma mzere wokhazikika mu bajeti ya chaka: womasulira pa misonkhano ya mwezi ndi mwezi ndi poyeza ntchito, magetsi a alamu, ndi kalasi ya anthu anayi aja. Zina zambiri zimene ndatchula, monga kasanjidwe ka mipando, kulemba manambala ndi kulankhula mmodzimmodzi, sizifuna ndalama.

Theka la tsikulo mungaligawe motere: kutsegula kwa mphunzitsi wosamva ndi mbiri ija, mphindi 30, kusiyana kwa wosamva chibadwire ndi womva movutikira, mphindi 20, kuwerenga milomo ndi kuyeserera kuitana ndi kulankhula, ola lathunthu, kupuma, zizindikiro za ntchito, mphindi 40, womasulira, misonkhano ndi chitetezo, nthawi yotsalayo. Anthu 60 ndi ambiri pa zoyeserera, ndiye ngati n'kotheka agaweni magulu atatu a anthu 20. Pomaliza dipatimenti iliyonse ilembe zinthu ziwiri zimene isinthe Lolemba likubweralo, ndi dzina la amene aonetsetse kuti zachitika. Pepala la tsamba limodzi la mfundozi lilowe m'zimene wantchito watsopano aliyense amapatsidwa tsiku loyamba, chifukwa pakatha chaka ena mwa amene munawaphunzitsa adzakhala atachoka.

Fomu yofunsa ngati anthu anasangalala ndi maphunziro siidzakuuzani zambiri, pafupifupi onse adzati anasangalala. Pakatha milungu 6, ndiponso pakatha miyezi 3, bwererani kwa anthu awiri aja, aliyense payekha, mnyamatayo ali ndi womasulira wake, ndipo muwafunse mafunso omwe aja munayamba nawo. Akatchula uthenga umene unawapeza mochedwa, utsateni kufikira pamene unachokera, muone kuti unatuluka pakamwa pa ndani, ola lanji, ndipo n'chifukwa chiyani sunalembedwe. Munthu ameneyo ndi amene mukakhale naye pansi sabata yotsatira.